Akuti Chiyani, Genival?

Ku Casa Amarela, mumzinda wa Recife,
chaka chomwe denga linadontha mpaka pabedi,
bambo anabwera ndi kabokosi kakuda kogula kudoko
ndi katiriji imodzi yokha, yolembedwa m'Chijapani.
Tinkayamba taiuzira ngati khofi wotentha
kenako n'kuilowetsa.

Edivaldo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, maso atazima kale.
Ine zisanu ndi zinayi.
Mabatani anali ake. Ine ndinali wongoyang'ana.

Za kulumpha sankandifunsa.
Dzenje ankalidziwa ndi kulira kwake,
mapazi ankawerenga: asanu ndi awiri, kenako khoma, gu!
Ndalama inkati ngwe, lupanga linkati fwa,
koma anthu a m'gemumo akatsegula pakamwa
zilembo zinkangoti ti-ti-ti, osatchula kanthu.
Apo m'pamene ankatembenuka:
"Akuti chiyani, Genival?"

Ine Chijapani ndikanachidziwira kuti?
Ndinkangoona timizere ngati popalasa nkhuku,
ndiye ndinkapeka.
Bambo wa pamlatho ndinamupatsa mwana wosowera panyanja.
Mayi wa m'sitolo ndinati anali mkazi wake,
banja linatha chifukwa cha ngongole ya boti.
Mlonda wa pachipata ndinamuyankhulitsa kuti,
"Pano adzadutsa ndi wosaona yekha."
Ameneyo ndinamupeka tsiku lomwe anyamata kusukulu
anabisa ndodo ya mkulu wanga kuseri kwa chimbudzi.

Papita zaka makumi atatu ndi zinayi.
Kabokosi kaja kanadyedwa ndi mphepo ya mchere.

Lamlungu, Tainara, mwana wake, anabwera ndi laputopu.
Akuti muli emuleta, pulogalamu yodziyesa kabokosi kathu,
yotha kujambula zilembo n'kuziwerenga mokweza m'Chipwitikizi.
Analimbana nayo maola awiri.
Poyatsira mawuwo sipayankhula,
kuti upapeze uyenera kukhala ndi maso.
Edivaldo anaseka mpaka kutsokomola:
"Atsekera kiyi m'nyumba momwemo!"

Kenako kanyimbo kaja, kopyapyala ngati waya.
Zala zake zinadzuka iye asanazitume.
Anagwera m'dzenje kawiri.
"Si ine," anatero, "phokoso likuchedwa ndi katsitsi kamodzi."
Tainara anasintha kanambala kena. Kachitatu anawoloka.

Atafika pamlatho ine ndinali nditaima kale pakhomo,
malaya atamata kumsana.
Mawu achikazi opanda mpweya anawerenga:
"Kumpoto kuli mudzi."
Basi.
M'sitolo: "Mankhwala, ndalama makumi awiri."
Pachipata mawuwo anapunthwa pa zilembo zakale,
anachita chibwibwi, n'kumaliza:
"Patsekedwa. Bwera ndi kiyi."

Fani inkazungulira.
Panja wogulitsa gasi ankaimba belu lake.
Ndinakonza kukhosi, chopepesa chili pamlomo.

"Ndinadziwa kalekale," anatero osatembenuka.
"Ti-ti-ti inkalira kasanu,
iwe n'kulongolola mpaka khofi wa amayi kuzizira.
Unkayesa sindiwerenga?"

Tainara anatiyang'ana tonse awiri, osamvetsa.
Ine ndinapita kukamwa madzi omwe sindinkawafuna.

Sabata yonseyo sanandiitane.
Ankasewera yekha pobwera kuntchito, magetsi ozimitsa,
iye ndi mayi wachibwibwi uja.
Phanga lina linamutengera masiku atatu,
poti opanga gemu sanaike phokoso pa makwerero,
sanaganizeko kuti munthu angadzafike kumeneko ndi makutu.
Anajambula mapu ake pakatoni ndi msomali,
timabowo timabowo, mpaka anatulukamo.
Tili ana sitinafikeko kumeneko.
Mabodza anga ankatisocheretsa kumwera.

Lachisanu, thu koloko usiku, foni.
Ndinadzidzimuka, ndimayesa maliro.
"Ndaimaliza," anatero. "Ndekha."
Ndinamva akumeza malovu, kanyimbo kakulira chapatali.
Tinakhala chete kanthawi, foni ikudya ndalama.

"Koma mapeto ake ngozizira, Genival.
Akungoti zikomo posewera.
Za mwana wa panyanja uja sanatchule n'komwe.
Ubwere mawa udzakonze."